Injini Yolira Phazi Litachoka

Dzina loti a Modekha anawapatsa ndi ophunzira awo omwe. Pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zimene anakhala akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, palibe amene anawamvapo akukweza mawu. Wophunzira akazimitsa injini pakati pa mphambano, madalaivala akuliza mahutala kumbuyo, iwo ankangotulutsa dzanja pawindo kuti enawo adutse, kenako n'kutembenukira kwa wophunzirayo ngati palibe chachitika, n'kunena kuti, "Modekha, modekha. Lizaninso."

Tsiku lina anagwa ndi chizungulire akusamba m'mawa. Kuchipatala anawapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, ndipo anawapatsa timapiritsi toyera ndi masabata atatu opuma. Potuluka, dokotala anawagwira paphewa n'kuwauza kuti, "Bambo, mukadzamva dzanzi kudzanja kapena kumwendo, kapena chiwalo china chikamachedwa kukumverani, musadzakhale pansi n'kumaganiza. Mudzabwere nthawi yomweyo." A Modekha anavomera ndi mutu, mawuwo n'kuwasunga penapake m'kati.

Atabwerera kuntchito Lolemba lina, anapeza galimoto yawo yakale kulibe. Inali yofiira, chitseko cha mbali ya mphunzitsi chinkatseguka pokhapokha utachikankha ndi bondo, koma ankaidziwa ngati chikhatho chawo. Mwini sukulu anali ataigulitsa n'kubweretsa ina yoyera, yonyezimira, yonunkha pulasitiki m'kati. Anali ataikamo kale buleki ndi klatchi za mphunzitsi.

"Iyi ndiye mupuma nayo," anatero mwini sukulu akuwapatsa makiyi. "Chiwongolero chake mutha kukhotetsa ndi chala chimodzi."

Wophunzira woyamba tsikulo anali mayi telala, mayi wa zaka zopitirira makumi anayi amene ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Ankafuna laisensi kuti azikaperekera okha katundu m'masukulu, chifukwa anatopa ndi kudikira madalaivala osasunga nthawi. Pa galimoto yakale ija anali ataphunzira kasanu ndi kamodzi, ndipo ankachita bwino.

Anatuluka pageti n'kulowa kamsewu kodutsa kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, komwe m'mawa kunkakhala zii. Mayiwo ananyamuka bwinobwino ndi giya yoyamba.

"Yachiwiri tsopano," anatero a Modekha.

Mayiwo anaponda klatchi. Injini, m'malo motsitsa mawu, inangokhala pomwepo ikulira, vuuuu. Atalowetsa giya n'kusiya klatchi, galimoto inadumpha, mitu yawo n'kugwedezeka ngati ya nkhuku zojompha chimanga.

"Phazi, mayi. Mukaponda klatchi, phazi lamanja lichoke pa moto."

"Ndachotsatu."

"Simunachotse. Injini siinama. Tiyeni, yachitatu."

Vuuuu. Galimoto inadumphanso.

Anazungulira kamsewuko katatu. Mwina zinali chifukwa cha masabata atatu okhala pakhomo, mwina fungo la pulasitiki lija, koma kulira kwa injiniko kunkawalowa a Modekha m'mano. Kachinayi anangozindikira mawu atatuluka kale.

"Kodi phazi lanulo munalimata ndi guluu? Kapena mukuyesa muli pa makina anu osokera, opalasa osalekeza?"

Mayi telala anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, anakoka handibuleki mwaulemu wake wonse, kenako anatembenuka.

"Aphunzitsi, makina anga musawatchule. Phazi ili lapalasa zaka makumi awiri. Ndikaliuza kuti choka, limachoka."

"Chabwino. Tisinthane, muone mmene zimakhalira."

Anasinthana mipando. A Modekha anakonza mpando, ananyamuka, anaponda moto mpaka kamuvi kosonyeza kuthamanga kwa injini kafika pa 3. Kenako anachita zomwe miyendo yawo inachita kambirimbiri: klatchi pansi, phazi lamanja m'mwamba, zonse nthawi imodzi.

Vuuuu.

Kamuvi kaja kanaima pa 3 ngati kakuganiza kaye. Dzanja lawo, lozolowera changu, linali litalowetsa kale giya, phazi lamanzere n'kusiya klatchi. Galimoto inadumpha kuposa mmene inadumphira kwa mayi aja, moti chikwama chawo chinagwa pamiyendo, tepi yoyezera ndi kabokosi ka mapini n'kumwazika pansi.

"Mwaona?" pakamwa pa a Modekha panayankhula pasanafunse mwini wake. "Ndimafuna ndikuonetseni zimene mumachita."

Mayi telala anawayang'ana kanthawi, kenako anawerama n'kuyamba kutola mapini awo limodzilimodzi.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, a Modekha anakhala pakhonde la nyumba yawo n'kuvula nsapato yakumanja. Anaika chidendene pansi, anatsitsa zala, anazikweza. Anatsitsa, anakweza. Phazi linkaoneka lomwe lija, la chikhadabo chothyoka pa chala chachikulu. Analitsina pamwamba, kupweteka anakumva. Analitsina pansi, anakumvanso, koma ngati mochedwerapo. Kapena sikunachedwe? Anatsina lamanzere kuti ayerekeze, kenako anaiwala mmene lamanja linamvekera.

Mkazi wawo ankaanula zovala pachingwe, koma diso lina lili pakhonde.

"Mwaponda minga?"

"Nsapato ikundithina."

"Nsapato ya zaka zisanu yayamba kuthina lero?"

Mawu a dokotala aja anali atadzuka pomwe anagona: chiwalo china chikamachedwa kukumverani.

M'mawa mwake analawirira kusukulu ophunzira asanabwere. Analowetsa galimoto m'bwalo lakuseri, anavula nsapato ndi sokosi, n'kuyamba kuyenda akuyang'ana pansi m'malo moyang'ana kutsogolo. Klatchi pansi. Analiona phazi likunyamuka, analiona lili m'malere, zala zitatambasuka, koma injini ikulirabe. Anatukula mutu khoma la mpanda litatsala pang'ono, n'kuponda buleki.

Ndiye kuti si phazi, anaganiza motero. Anatsika, anakoka kapeti wa pansi n'kumuponya kumbuyo, poti mwina ndi amene ankakola chopondera. Anayesanso. Vuuuu. Anayesa kachitatu, ulendo uno mwaulesi, kamuvi kasanafike n'komwe pa 2, ndipo giya inalowa mwakachetechete ngati mpeni m'papaya. Anayesa kachinayi mwachizolowezi chawo. Vuuuu.

Anazimitsa injini, manja n'kuwaika pachiwongolero. Chinthu chowonongeka chimawonongeka nthawi zonse. Chinthu chobwera n'kupita, lero chilipo, pakapita mphindi palibe, chimenecho n'chofanana ndi matenda. Ndipo ngati mutu ndi umene wayamba kusokonekera, angadziwe bwanji kuti maso akunena zoona? N'kutheka kuti ankaona phazi litachoka pomwe lidakali pomwepo?

Mphunzitsi mnzawo, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa sankayendetsa popanda nyimbo, anafika akuimba mluzu. Ndiye ankagwiritsa ntchito galimotoyo masabata atatu onse aja.

"Galimotoyi mukuimva bwanji?" anafunsa a Modekha akuvala sokosi mobisa.

"Ili bwino kwambiri, achikulire. Mafuta imangonunkhiza."

"Siikulira mukamasintha giya?"

"Injini iliyonse imalira."

"Ayi, ndikunena kulira kopitiriza. Wachotsa phazi, iyo ikadali pomwepo."

Wailesi anakanda m'mutu. "Ine sindinamvepo kanthu." Kenako maso ake anatsikira pa nsapato imene inali pampando wa mphunzitsi, ndipo mawu ake anafewa. "Mapiritsi aja mukumwa, achikulire?"

Lachitatu masana, pa nthawi imene mayi telala anayenera kubwera koma osabwera, a Modekha anatenga galimotoyo kupita nayo kwa mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo. Mlamuyo anali makaniko, galaja yake inali shedi ya malata kuseri kwa shopu ya wowotcherera zitsulo, ndipo galimoto yofiira ija ndiye ankaisamalira zaka zonse.

Sanadikire n'komwe kuti a Modekha amalize kufotokoza. "Ndi waya wa moto ameneyo, alamu. Wachita dzimbiri, akukakamira. Tithirapo tioili, mupita kwanu mukuimba."

Anatsegula boneti. M'kati munali mapulasitiki akuda okhaokha, chilichonse chovundikiridwa. Mlamuyo anasuzumira uku, anasuzumira uko, analowetsa dzanja mpaka m'chigongono.

"Wayayo ali kuti?"

"Mukufunsa ine?"

Mlamuyo anakagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, tochi ali kukamwa. Anakhalako nthawi ndithu. Atatuluka, nkhope yake inali ngati ya munthu amene watsegula mphika n'kupezamo nsapato.

"Alamu, chopondera motochi sichinamangirire kulikonse. Kuli tinthambo tamagetsi basi, tating'ono ngati ta wailesi."

"Nanga galimoto ikuyenda bwanji?"

"N'zimene ndikudzifunsa."

Wowotcherera zitsulo uja anabwera magalasi ake akuda ali pachipumi, anamvetsera nkhani, n'kugamula kuti ndi klatchi, yatha. Bambo wina amene ankadikira kuti amukonzere lole anati ayi, injiniyo ikuba mpweya penapake, yake inkachitanso choncho isanaphulike. Mlamuyo anamasula paipi yaikulu, anapopera mankhwala otsukira, anapukuta ndi kansanza, anamanganso. Onse atatu ankayankhula nthawi imodzi, aliyense akuloza malo akeake, ndipo a Modekha ankavomera aliyense ndi mutu chifukwa aliyense akamayankhula ankamveka wolondola.

"Tiyeni tiiyese," anatero mlamuyo.

Woyendetsa anali mlamuyo. Tsono iyeyu anali munthu wokonda nkhani, ndipo posintha giya ankaponda klatchi, dzanja n'kuima pakati mpaka atamaliza chiganizo. Ankafotokoza za denga la nyumba yake lomwe linkadontha pamwamba penipeni pa bedi.

"Apo!" anakuwa a Modekha. "Mwamva?"

"Ndamva chiyani? Ndiye ndikuti, mmisiriyo akuti malata ndi abwino, vuto ndi misomali." Giya inalowa bwinobwino, galimoto osagwedezeka n'komwe.

Pobwerera anayendetsa a Modekha. Vuuuu, kudumpha. Vuuuu, kudumpha. Nkhani ya denga inathera panjira. Mlamuyo anayang'ana kamuvi, anayang'ana phazi la a Modekha, kenako anayang'ana kunja pawindo.

"Alamu," anatero atafika pagalaja, mawu ali pansi kuti enawo asamve, "mwendowo ukupeza bwanji masiku ano?"

Pofika kunyumba anapeza foni yawatsogolera kale. Mkazi wawo anali atavala zopitira kutali, chikwama chili m'khwapa, kabuku ka kuchipatala kali m'manja.

"Achimwene andiimbira. Nsapato ikuthina, eti? Musavule n'komwe, tiyeni."

Anapeza dokotala yemwe uja atatsala pang'ono kuweruka. Anawagogoda bondo ndi kanyundo ka labala, mwendo unadumpha. Anawauza atsinzine n'kuwabaya pang'ono ndi kamtengo kuphazi, uku ndi uku, ndipo konse anamva. Anawaimiritsa ndi mwendo umodzi, anawayendetsa pamzere wa simenti. Pomaliza anagwira phazi lawo ndi manja awiri n'kunena kuti akankhe. A Modekha anakankha ndi mtima wonse, mpando wa dokotala wa timatayala n'kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati.

"Mwendo uwu ulibe mlandu," anatero dokotala akudzikoka kubwerera patebulo. "Magazi ndi amene akweranso. Mukuganiza chiyani kwambiri?"

A Modekha anafotokoza za injini. Pofotokozapo anadzimva okha kuti nkhaniyo ikumveka yopanda mutu.

"Phokosolo mumalimva muli kuti?"

"M'galimoto."

"Kunyumba ayi? Mukakhala panokha?"

"Ayi. Kaya. Dzulo ndinalimva pang'ono ndikudya, koma ndimangolikumbukira."

"Anzawo akuti sakulimva," anaponyapo mkazi wawo. "Achimwene anga ndi makaniko, akuti galimoto ili bwinobwino."

Dokotala analemba zinthu zambiri m'kabuku kaja, zolemba zosawerengeka, n'kunena kuti abwerenso pakatha sabata.

Pobwerera m'basi a Modekha anayamba kulingalira. Analowa m'chipatala ndi mwendo wodwala, atuluka ndi mwendo wabwino koma mutu wokayikitsa. Anayamba kuwerenga mboni. Wailesi sanamve. Mlamu wawo sananene kuti wamva. Mayi telala nawo sananene kuti amva injini, anangoti achotsa phazi. Koma chikwama chija chinagwa. Mapini anamwazika, anawaona ndi maso, mpaka lina linawabaya chala tsiku lotsatira pochotsa kapeti. Anayang'ana chalacho. Kabala kanalipo.

Lachinayi m'mawa analowa mu ofesi ya mwini sukulu atakonza mawu oti mwina nthawi yawo yakwana, munthu wosadziwa chimene phazi lake likuchita asamanyamule miyoyo ya anthu. Asanatsegule pakamwa, mwini sukulu anayamba ndiye.

"Mayi telala atumiza uthenga. Akuti sabweranso, sangaphunzitsidwe ndi munthu wonyoza ntchito yawo. Ndinawafunsa kawiri ngati akunena inuyo. Chachitika n'chiyani, a Modekha?"

"Ndikawaona ndekha," anatero, mawu ena aja n'kuwameza.

Shopu ya mayi telala inali kachipinda kopapatiza pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mafoni. Mayunifolomu obiriwira ndi abuluu anapachikika pa waya kuchokera kukhoma kufika kukhoma, moti polowa munthu ankawerama. Pansi panali tinsalu todukaduka. Mayiwo anali pamakina akusoka kolala, ndipo sanatukule mutu.

"Odi, mayi."

"Lowani, aphunzitsi. Mwabwera kudzaona ngati guluu wamatuka?"

A Modekha anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. "Ndabwera kudzapepesa. Ndinayankhula zosayenera. Ndiponso ndinanama. Tsiku lija sindinkakuonetsani zimene mumachita. Inandichitira inenso."

"Ndikudziwa."

"Munadziwa?"

"Nkhope yanu inali ngati ya munthu amene wakhalira singano. Ndinangoti ndione ngati muvomere."

Funso limene a Modekha anabwerera linali lisanatuluke, ndipo ankaliopa. "Mayi, injini ija, mmene inkalira ine nditachotsa phazi. Munaimva?"

Makina anaima. Mayiwo anawayang'ana koyamba chilowereni. "Ndili ndi makutu awiri, aphunzitsi. Ngakhale ogulitsa matabwa aja anatembenuka."

A Modekha anangokhala pa mulu wa nsalu umene unali pafupi. Anafotokoza zonse, za dokotala, za mlamu wawo ndi waya wosapezeka, za kuyendetsa opanda nsapato m'bwalo lakuseri. Mayiwo anayesa kudzigwira, koma pa nkhani ya mpando wa dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala ya mwana wa eni.

"Taonani kuno," anatero atapuma. Anaika kansalu pansi pa singano, anapalasa mwamphamvu, kenako anakweza mapazi onse awiri m'mwamba. Gudumu linapitiriza kuzungulira lokha, singano n'kubaya kanayi, kasanu, isanaime. "Awa akathamanga saima chifukwa choti wachotsa phazi. Umawagwira ndi dzanja, apo ayi umawadikira."

"Injini si makina osokera, mayi."

"Munayamba kuziyerekeza ndinu."

A Modekha anati, "Koma yofiira ija inkatsika nthawi yomweyo. Zonse zimene ndayendetsapo zinkatsika. Ndimawauza ophunzira kuti injini imamvera phazi ngati mwana womvera. Nanga ndakhala ndikuwanamiza?"

"Zimenezo sindingadziwe. Koma pali galaja yaikulu kumtundaku imene ndimaisokera maovololo. Kuli mayi wina amene amapima magalimoto ndi kompyuta, ngati mmene amachitira kuchipatala. Dikirani nditseke, ndikuperekezeni. Nanenso ndikufuna ndimve mlandu wa phazi langa."

Galajayo inali ya simenti yopaka utoto, yoti munthu n'kudyerapo. Mayi wa kompyutayo anali wamfupi, wa magalasi, atavala ovololo yabuluu imene mayi telala anaiyang'ana m'mapewa ndi diso la mwini ntchito. Anamvetsera osadula mawu, analumikiza chingwe penapake pansi pa chiwongolero, n'kukhala kumbuyo kompyuta ili pamiyendo.

"Yendetsani mmene mumayendetsera masiku onse, bambo. Musandichitire manyazi."

Anazungulira kawiri mumsewu wa kutsogolo kwa galajayo. Vuuuu, kudumpha. Vuuuu, kudumpha. Ataima, mayiyo anabweretsa kompyuta kutsogolo n'kuiika pakati pawo. Panali mizere iwiri, wobiriwira ndi wofiira, yokwera ndi kutsika ngati mapiri.

"Wobiriwirawu ndi phazi lanu pa chopondera. Wofiirawu ndi injini. Taonani apa pamene munasintha giya."

Mzere wobiriwira unagwa molunjika ngati mwala woponyedwa m'chitsime. Wofiira unapitirira kaye chopingasa, kenako n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono.

"Ili ndi phazi langa?" anafunsa a Modekha chala chili pa galasi.

"Lanu. N'lachangu kuposa langa."

A Modekha analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachita ngati akukonza chipewa.

"Ndiye chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe."

"Palibe bwanji? Mwaimva nokha."

"Ndaimva. Anaipanga choncho. Pa magalimoto akale, phazi linkakoka waya, wayayo n'kutseka kachitseko kolowera mpweya nthawi yomweyo. Pa iyi phazi limangouza kompyuta ya galimoto, kompyutayo ndi imene imatseka. Tsono imatseka pang'onopang'ono dala, kuti mafuta apse bwino, utsi woipa uchepe."

"Dala?"

"Dala."

"Ndiye kuti ndikachotsa phazi, galimotoyi imamva."

"Imamva."

"Koma siichita."

"Imachita. Imangotenga nthawi yake."

A Modekha anayang'ana mayi telala ngati angawathandize, koma mayiwo anali atapinda manja pachifuwa, nkhope ili ngati ya munthu amene khoti lamupeza wosalakwa.

"Anthu anakhala pansi, ophunzira bwino, n'kupanga galimoto yoti izichedwa kumvera? Nanga anzanga aja bwanji sakuimva?"

"Amene anaphunzirira pa zoterezi amangoyesa ndi mmene galimoto imakhalira. Amene amasintha giya mwaulesi, pofika posiya klatchi injini imakhala itatsika kale. Imavutitsa anthu achangu ngati inu."

"Simungaichotse?"

"Ena amakasinthitsa kompyutayo, koma kuno sitichita zimenezo. Ingochotsani phazi pa moto kaye, mupume kamodzi, kenako muponde klatchi. Ndipo musamafulumire kuisiya."

Asanachoke, a Modekha anapempha kujambula mizere ija ndi foni. Kunyumba anaionetsa kwa mkazi wawo, amene anaitembenuza foniyo uku ndi uku.

"Ndiye timizere tiwiriti tikuti muli bwino?"

"Wobiriwirawo ndine."

"Wofiirawo ndi magazi?"

"Ndi injini."

"Injini inapita liti kuchipatala?" Anawabwezera foni. "Kaya zanu izo. Mapiritsi muzimwabe, ndipo kwa dokotala tibwererako."

Mlamu wawo ataona chithunzicho anapukusa mutu. Anati iye sangakhulupirire galimoto imene phazi limachita kupempha, ndipo tsiku lina adzampeza wayayo, ali momwemo ndithu, anangomubisa.

Mayi telala anayambiranso maphunziro Lolemba lotsatira. Chovuta chinali choti a Modekha sankadziwanso chonena. Mawu amene anawanena kwa zaka zonse zija, klatchi pansi phazi m'mwamba nthawi imodzi, ankafika pamlomo okha, iwo n'kuwabweza, n'kuyamba ena, n'kusokoneza, moti nthawi zina giya inkasinthidwa iwo akadali pakati pa chiganizo. Mayiwo anazigwira m'masiku awiri. Ankachotsa phazi, n'kutulutsa mpweya ngati akuuzira tiyi, n'kuponda klatchi, galimoto n'kumangoyenda myaa. Koma a Modekha akakhala pachiwongolero pobwerera kusukulu, miyendo yawo inkachita zake zakale, galimoto n'kudumpha, mayiwo n'kumayang'ana kunja pawindo akuluma mlomo.

Ankabwereza zomwezo tsiku ndi tsiku, kukwera magiya, kutsika magiya, kamsewu ka matabwa, msewu waukulu, chitunda cha kumatanki amadzi. A Modekha ankafuna amve ndi makutu awo kuti zikutheka, ndipo akamva kamodzi ankafuna amvenso.

Tsiku la mayeso anakhala pabenchi kunja kwa ofesi yoyesera madalaivala, chipewa chili pabondo. Anaiona galimoto yoyera ikutuluka pageti, woyesa ali pambali ndi kafayilo kake. Anatchera khutu. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, zonse zinalowa mwaulemu mpaka galimoto inakhota. Patapita theka la ola inabwerera n'kulowa kubwalo la kuseri kwa ofesi, kumene iwo sankatha kuona. Kenako kunamveka phokoso la chitsulo chogwa pa simenti, ngwee, n'kugubuduka.

Mayi telala anatulukira ndi pepala m'manja, akuyenda mwamphamvu.

"Ndalephera."

"Magiya?"

"Magiya ati? Za magiya sananenepo ngakhale liwu limodzi. Ndagwetsa mzati pobwerera m'mbuyo. Iwiri. Wachiwiriwo unatsala pang'ono kumuphwanya phazi woyesayo." Anawaloza ndi pepalalo. "Masabata atatu, aphunzitsi, magiya, magiya, magiya. Kubwerera m'mbuyo tinachita kangati?"

A Modekha anawerenga m'mutu. "Kawiri."

"Kamodzi. Kachiwiriko kunagwa mvula."

Anapatsidwa tsiku lina pakatha masabata awiri. Masana omwewo anabwerera kusukulu, a Modekha n'kutenga zigubu zinayi zopanda kanthu m'sitolo, kuzithira madzi pang'ono kuti zisauluke, n'kuziimika m'bwalo motalikirana ngati mizati ya koyesera kuja. Mayiwo analowetsa giya yobwerera m'mbuyo, anatulutsa mutu pawindo. A Modekha anaima kutsogolo kwa galimoto, atayang'anizana nawo, manja ali m'mwamba.

"Bwerani. Bwerani. Tsopano khotetsani kumanzere."

Galimoto inaima.

"Kumanzere kwanga, kwanu, kapena kwa galimoto?"

A Modekha anayang'ana dzanja lawo lamanzere, anayang'ana zigubu.

"Taimani kaye pomwepo," anatero, n'kuzungulira kupita kumbuyo kwa galimoto kuti akaone okha.